Vuto ndi batire basi

Aliyense wogulitsa njinga yamoto yakale mu Lilongwe muno ali ndi mawu amene amasungira kumapeto, wogula atayamba kale kunyowetsa chala kuti awerenge ndalama: "Injini ili bwinobwino, vuto ndi batire basi." Mawu amenewa akhala akudyetsa mabanja a amakaniko a ku Biwi ndi ku Mchesi kwa zaka zambiri, ndipo Loweruka lina m'mawa anabweretsa mphunzitsi wa pulaimale pa kagalaja ka pansi pa mtengo, moyandikana ndi chiwaya chomwe enafe timapishirapo tsiku tikudya tchipisi ndi kumvera za eni.

Anafika akukankha, shati yoyera itamata kumsana. Njingayo inali Yamaha AG200, ija ya matayala a zibuma, tcheni chotsekera m'bokosi ndi kaliyala kutsogolo ndi kumbuyo. Pa tanki pankaoneka pamene panali chizindikiro cha bungwe lina, chitapalidwa ndi mpeni. Pa chiwongolero panalendewera jumbo yakuda yolemera.

Asanapukute n'thukuta lomwe, anyamata a kabaza a pa siteji ya pakona anali atamuzungulira kale. Pa Biwi sipafunika kuitana dokotala.

"Imeneyo ndi CDI, biggie. Yanga inkatero."

"CDI wa chani iwe, ndi koyilo. Tamvani mmene yakhalira chete."

"Njinga yozima ikhale bwanji, iziimba?"

"Munathira mafuta a pachigubu, bwana. Amasakaniza ndi palafini anthu aja."

Wina wa chipewa choluka, yemwe anzake amamutchula kuti tcheya, anaizungulira kawiri n'kunena motsitsa mawu kuti njinga zina eni ake amazigulitsa atazimanga, ndipo kuti akudziwa munthu ku Dedza. Mphunzitsi uja anangomuyang'ana, n'kumasula jumbo ija. Anatulutsa bokosi la CDI, koyilo, pulagi ziwiri, ndi mababu atatu akuda m'kati. Zonsezi zinali zochotsedwa pa njinga yomweyo, chilichonse chitalowedwa m'malo ndi chatsopano. Batire yatsopano inali pa njingapo. Anati chiigulireni mwezi watha, makaniko aliyense wa pa tiledingi senta ya kwawo kupitirira Mitundu wamugulitsa kanthu, ndipo aliyense amalumbira kuti ulendo uno zatheka.

Nkhani yake inali yodziwika kwa aliyense amene anakhalapo kumudzi pa ntchito ya boma. Sukulu ili kutali ndi msewu wa tala, mvula ikagwa akabaza amakweza mtengo, ndipo mwezi ukatha pamafunika kubwera m'tauni. Anatenga ngongole, n'kumva kuti pali munthu amene amagula njinga ku okushoni ya mabungwe n'kumazigulitsa. Tsiku logula inalira kiki imodzi. Sitata sinkagwira, hutala inkalira ngati yadwala, koma paja vuto linali batire. Anagula batire, inatha mphamvu patangopita masiku ochepa. Akayatsa nyali n'kukoka moto, babu limawala kwambiri kenako n'kupsa. Kenako inayamba khalidwe lina: akakhotera kumanzere imazima, akawongola imadzuka. M'mawa wa tsiku limenelo inazimiratu pafupi ndi mphambano ya ku Bunda.

Pa kusankha njinga, mphunzitsiyu sanalakwitse, ndipo ndinamva chisoni kuona anyamata akumuseka kuti akanangogula Lifo yatsopano. Njinga za AG anazipangira alimi a ku Australia ndi New Zealand. Yoyamba, AG100, inatuluka mu 1973, ndipo AG200 inabwera m'zaka za m'ma 1980. N'chifukwa chake tcheni chili m'bokosi kuti matope asachidye, ndipo magiya ake ndi okwera nawo phiri uli ndi thumba kumbuyo. Alangizi a zaulimi ndi azaumoyo ayenda nazo m'midzi ya dziko lino mpaka anthu kuzizolowera ngati mbali ya yunifolomu. Injini yake imapirira. Chimene sichipirira ndi mawaya, makamaka njinga ikachoka m'manja mwa bungwe n'kuyamba kudutsa mwa anthu osiyanasiyana, aliyense ndi pulayala yake.

Mwini galaja anali asanayankhulebe. Ndi bambo wa imvi, wamfupi, amene anthu amati anagwirako ku galaja ya boma ya PVHO nthawi ya Kamuzu, ndipo aliyense amangowatchula kuti madala. Anamaliza kaye tiyi wawo. Atatero anatuma kamnyamata kawo ka sipanala kuti kabweretse mita, ija ya nthambo ziwiri, yofiira ndi yakuda.

"Aphunzitsi, zonsezi munagula ndani atayeza?"

"Amangomvetsera ikamalira, madala."

"Magetsi samveka ndi khutu."

Anagunditsa nthambo zija pa mitu ya batire. Mita inawerenga 11.8. Anafotokoza, osati kwa mphunzitsi yekha koma kwa gulu lonse lomwe linali litakula, kuti batire yabwino ya mavoti 12 ikangokhala imawerenga cha m'ma 12.6, ndipo injini ikamalira iyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikapanda kukwera ndiye kuti sikulandira kanthu, ukungoidya. Ikapitirira 15 ndiye kuti ikuphikidwa. Tcheya anati zimenezo n'za m'buku. Madala anavomera kuti n'za m'buku, n'kupempha sipanala ya 10.

Atatsegula kabokosi ka fyuzi, anasolola chinthu n'kuchikweza m'mwamba kuti tonse tione. Unali msomali wa mainchesi awiri, wodulidwa mutu, wakuda ndi moto.

Anthu anaseka, koma kuseka kwa anthu odziwa. Pa siteji ija ndikukayika ngati panali njinga zitatu zokhala ndi fyuzi yeniyeni. Ena amakulunga pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu, ena waya wa kopa. Fyuzi ikapsa kawiri, munthu amaganiza kuti fyuziyo ndiyo yofooka, pamene iyo yagwira ntchito yake: yalola kufa kuti mawaya asapse. Msomali sufa. Umangopereka moto wonse kwa chilichonse chimene chili kutsogolo.

"Amene anaika msomali uyu anali ndi chimene chinkamupsereza mafyuzi," anatero madala. "Tiyeni tikachipeze."

Anachotsa mpando, n'kuchotsa tanki. Zimene zinali pansipo zinachititsa ngakhale mayi wogulitsa mandasi kuyandikira. Mawaya anali atapiringizana ngati matumbo a mbuzi pa chiwaya, ena omangidwa ndi tepi yakuda, ena ndi mphira ya chubu, ena ndi pepala la shuga lotenthedwa ndi machesi. Madala anayamba kuwawerenga mmodzimmodzi, ndipo apa m'pamene ndinasiya tchipisi changa kuzizira. Waya uwu woyera wa m'nyumba, anatero, anaika ndi munthu amene ankatchajitsa mafoni kumudzi. Awa awiri opita kumbuyo anali a sipika. Njingayi inakhalapo ya kabaza, kaya wogulitsa ananena kapena ayi. Aka kodukira pansi pa injini n'ka timagetsi tobiriwira tija anyamata amakongoletsera usiku. Aliyense anasenda waya ndi mano kapena lezala, n'kupota, n'kukulunga, ndipo pochoka anangodula chake n'kusiya bala.

Mphunzitsi anati wogulitsa anamuuza kuti njingayi yachokera ku bungwe molunjika, inkayendetsedwa ndi mayi mmodzi yekha wa zaumoyo.

"Mayi ameneyo ankakonda nyimbo," anatero mnyamata wina kumbuyo.

Panadutsa nthawi yaitali popanda chochitika chooneka. Madala ankasenda tepi yakale pang'onopang'ono, kugunditsa mita apa, kugwedeza chiwongolero, kugunditsanso. Akabaza ena analandira makasitomala n'kupita, n'kubwerera, n'kupeza zili pomwepo. Tcheya anati akanakhala iye bwenzi atangogula mawaya onse atsopano ku Malangalanga. Anamuyankha ndi kamnyamata ka sipanala, kuti a AG sapezeka wamba, ndipo akapezeka mtengo wake ndi wina. Chichokereni pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, itagwetsedwanso kale ndi 25 peresenti mu May 2022, chitsulo chilichonse chochokera kunja chimasintha mtengo ukadali pa mzere. Mkulu wina wosewera bawo, osadzutsa n'komwe mutu, anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenako madala anaitana mphunzitsi kuti awerame. Pafupi ndi khosi la njinga, pamene mtolo wa mawaya umapindika chiwongolero chikakhota, panali waya wakuda wosungunuka. Chikopa chake chinali chitauma n'kusweka, ndipo m'kati munatsala timaulusi tiwiri kapena titatu ta kopa, tongogundana. Cha pomwepo panali kachidutswa ka waya wina kopserera, kolumikiza wakudayo ndi wofiira.

"Amene anachita izi si mbuli," anatero madala. "Ndi makaniko ndithu, koma wa njinga za ku China."

Zimene anafotokoza n'zoti aliyense wogula njinga yakale azimve. Njinga zambiri zimene zadzaza m'misewu yathu, zija zimalowa kudzera ku Dedza, ku Tsangano ndi ku Muloza, n'zotengera Honda CG125, njinga imene inatuluka mu 1975 itapangidwira maiko omwe misewu ndi yoipa ndipo oyilo sasinthidwa pa nthawi yake. Mafakitale a ku China anatengera injini yake, ndipo ambiri anatengeranso mitundu ya mawaya. Pa Honda, waya wobiriwira ndiye wa ethi, wopita ku chitsulo cha njinga, ndipo wakuda ndi umene umakhala ndi moto ukatsegula kiyi. Pa Yamaha zinthu n'zosiyana: wakuda ndiye ethi, ndipo wa moto wa pa kiyi ndi wabulawuni. Wofiira ndiye amagwirizana, wochokera ku batire.

Tsono taganizani mnyamata amene wakula akukonza Lifo ndi Sanlg. Amubweretsera Yamaha kuti hutala sikulira. Agwira waya wakuda, apeza mulibe moto, aganiza kuti waduka m'kati. Mwanzeru zake atenga kawaya n'kuupatsa moto kuchokera ku wofiira. Wangolumikiza mutu wa batire ndi chitsulo cha njinga. Fyuzi iphulika. Aika ina, iphulikanso. Aika msomali. Utsi ufuka pansi pa tanki, kawaya kake kapserera n'kuduka, iye akulunga tepi msangamsanga mwini njinga asanabwere kuchokera kokagula ndudu. Njinga ikulirabe, ndiye palibe mlandu. Koma waya wa ethi wapsa.

"Magetsi akachoka amayenera kubwerera kumene achokera," anatero madala, akuloza ndi sikuludiraiva. "Njira yobwerera ndi imeneyi. Ikaduka, amafuna ina. Adzera m'mabering'i a chiwongolero, adzera mu kebulo ya kilatchi, paliponse pamene chitsulo chagundana ndi chinzake. Mukakhotera kumanzere timaulusi iti timasiyana, CDI imasowa ethi, pulagi imasiya kuthetheka. CDI yanu yakale ilibe mlandu."

Nanga mababu? Anatiuza kuti magineto, ija imazungulira m'mbali mwa injini, siidziwa malire: ukakoka moto imapanga magetsi ochuluka. Ntchito ya regyuleta ndi kutaya owonjezerawo, ndipo imawatayira ku ethi. Ikasowa kotayira, onse amathera m'babu. Batire nayo siitchajidwa bwino. Kuti atsimikize, anatenga waya umodzi wautali, mbali ina n'kumanga pa bawuti ya felemu atapala dzimbiri ndi sanipepa mpaka chitsulo kuwala, mbali ina n'kulumikiza ku waya wakuda kutsogolo kwa bala lija. Anaika fyuzi yeniyeni. Tanki anangoikhazika pamwamba n'kulumikiza paipi ya mafuta.

"Aphunzitsi, menyani kiki."

Inalira kachiwiri. Madala anakhotetsa chiwongolero kumanzere mpaka kumapeto, kumanja mpaka kumapeto, inapitiriza kulira. Anagunditsa mita pa batire n'kukoka moto pang'ono, manambala n'kuyamba kukwera: 12.9, 13.6, 14.1, n'kuima pamenepo. Kamnyamata ka sipanala kanadina hutala ndipo mayi wa mandasi anadumpha.

Tcheya anati iye ananena kale kuti ndi mawaya. Palibe amene anamutsutsa, poti aliyense pamenepo amafuna malo pa siteji.

Ntchito yeniyeni inatenga masana onse, ndipo inalibe chosangalatsa kuonera. Kudula zonse zimene anthu anawonjezera, kulumikiza mabala ndi mtovu wowotcherera m'malo mongopota, kutsuka mapulagi obiriwira ndi dzimbiri, kubwezeretsa mtolo wa mawaya m'njira yake kuti usakhuzike ndi khosi la njinga. Madala anabwezeretsanso CDI ndi koyilo zakale zija, zoyambirira za ku Japan, n'kuchotsa zatsopano, ati zakalezo zidzakhalitsa kuposa zimene mphunzitsi anagula. Pa batire anati aiyendetse kaye, mwina idzuka. Madzi akatsika athiremo madzi a batire ogula, asathire asidi kapena a pa mjigo. Ali m'kati mogwira ntchito anadzudzulanso anyamata aja, mmodzimmodzi, poti amawaona usiku akuyenda opanda nyali, wina ataluma foni ya tochi pakamwa, pasinjala awiri kumbuyo. Anati amene akufuna kudziwa mtengo wa babu akafunse anzawo amene agona ku chipatala cha Central miyendo ili m'zitsulo. Apa sanaseke aliyense.

Mkangano unabuka pa malipiro, ndipo ine ndinali mbali ya madala, ngakhale sindinafunsidwe. Atatchula mtengo, nkhope ya mphunzitsi inasintha. Munthu yemweyu anali atapereka ndalama zochuluka kuposa pamenepo kwa anthu amene anamugulitsa zitsulo zosafunika, osawiringula, chifukwa ankalandira kanthu kogwirika, ka m'bokosi, kokhala ndi dzina. Tsopano ankafunsa kuti kodi chasinthidwa n'chiyani.

"Fyuzi, babu, ndi waya mita imodzi."

"Ndiye zonsezi za fyuzi ndi waya, madala?"

"Za fyuzi ndi waya ndi izi," anatero madala, akupatula ndalama yochepa pa mtengowo. "Zinazi n'za tsiku langa. Inu kusukulu amakulipirani choko?"

Gulu linaphulika. Mphunzitsi nayenso anaseka, koma dzanja silinapite m'thumba msanga. Khalidwe limeneli tili nalo ambiri: timalemekeza wogulitsa chitsulo kuposa wopeza vuto, ndiye amakaniko nawo anaphunzira. Mnyamata wa pa tiledingi senta akakuuza kuti wangomanga bawuti ya ethi, umupatsa ya fanta. Akakuuza kuti CDI yapsa, apeza phindu pa CDI, apezanso ya ntchito, ndipo yakale ija akaigulitsa kwa wina mawa. Amene amagula mita n'kuphunzira kuiwerenga amakhala akudzichotsera yekha ndalama. Sindidabwa kuti pa mzere wonse uja wa magalaja, anthu amabwereka mita ya madala.

Mphunzitsi anapempha kuti asiye CDI ndi koyilo zatsopano zija ngati mbali ya malipiro. Madala anazitembenuza, n'kuvomera koyilo, CDI n'kuikana. Tcheya anaigula pomwepo pa theka la mtengo, ati ya sipeya. Panatsalabe ndalama. Anagwirizana kuti yotsalayo ibwera malipiro akatuluka, kudzera pa foni, koma madala anafuna chikole, poti aphunzitsi a kutali amaiwala njira ya ku Biwi njinga ikayamba kuyenda bwino.

"Ndisiye bulu buku," anatero mphunzitsi, akutulutsa envelopu m'chikwama.

Madala anavala magalasi, n'kuwerenga pepalalo nthawi yaitali. Kenako anawerama pa khosi la njinga, n'kupukuta ndi chala pamene pali nambala ya felemu. Inagwirizana. Anagwada n'kupukuta ya pa injini, n'kuwerenganso pepala, n'kuwerenganso injini.

"Aphunzitsi, dzina lili apa ndi la bungwe, si lanu, si la amene anakugulitsani. Kalata ya okushoni anakupatsani?"

"Anati abweretsa."

"Nanga injini iyi anati abweretsa pepala lake? Nambala iyi si imene ili m'bukumu."

Mphunzitsi anatulutsa foni n'kuimba. Tonse tinamva mawu a mayi uja wa pa netiweki akunena kuti nambalayo sikupezeka. Anaimbanso, chimodzimodzi. Akabaza, omwe ambiri a iwo njinga zawo zilibe ngakhale nambala puleti, anayamba kupereka uphungu wa zamalamulo onse nthawi imodzi: wina ati apite ku polisi asanamupeze ndi apolisiwo, wina ati akudziwa dobadoba wa ku Road Traffic, wina ati kumudzi kulibe amene amafunsa mapepala.

Madala anabweza envelopu ija. Anati pepala la eni ake sangalisunge, ndipo za manambala si za mita yawo. Apite Lolemba ku Road Traffic yekha, osadzera mwa dobadoba, atatenga umboni uliwonse wa ndalama imene anatumiza kwa wogulitsayo. Pa chikole analandira foni yaing'ono ya mabatani imene mphunzitsi amasungira layini yachiwiri. Anamuuzanso kuti anyamuke dzuwa likadalipo, chifukwa babu lomwe anaika linali lokhalo lomwe linali m'galajamo, ndipo sanalikhulupirire kwenikweni pa mabampu a kupitirira Mitundu.